Kabokosi kolira ndege ikagwa: mmene mapempho a anthu amasinthira malamulo a wailesi za m'ndege

Pa 11 Malichi 1967, kandege kochokera ku Portland kupita ku San Francisco kadagwa m'mapiri a kumpoto kwa California, m'dziko la America. M'kandegemo mudali anthu atatu a banja limodzi: bambo yemwe ankayendetsa, mayi, ndi mtsikana wa zaka 15. Onse adapulumuka, ngakhale adavulala. Phiri lonse lidali litakutidwa ndi chipale chofewa. Patapita masiku angapo bamboyo adanyamuka wapansi kukafuna thandizo, ndipo sadabwererenso.

Mayi ndi mwana adatsala m'chigoba cha ndegeyo. Ankalemba m'mphepete mwa masamba a buku la oyendetsa ndege zomwe zinkawachitikira tsiku ndi tsiku: njala, kuzizira, ululu wa mabala, ndi mkokomo wa ndege zomwe zinkadutsa pamwamba pawo osawaona. Mtsikanayo adakwanitsa zaka 16 ali m'phirimo. Mawu omaliza m'bukumo adalembedwa pa tsiku la 54. Mlenje wina ndiye adadzapeza mafupa awo pamodzi ndi bukulo mu Okutobala, patatha miyezi pafupifupi 7.

Awiriwa sadafe ndi ngozi ya ndege. Adafa chifukwa padalibe wodziwa pamene ali.

Nyuzipepala zitasindikiza zomwe zidalembedwa m'bukumo, anthu a ku America adagwidwa ndi chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo. Senator Peter Dominick wa ku Colorado, yemwe nayenso adali woyendetsa ndege, adaikakamira nkhaniyi mpaka mu 1970 nyumba ya malamulo idavomereza kuti ndege zing'onozing'ono zambiri zizikhala ndi kawailesi kodziliza kokha ndege ikagwa. Lamulolo lisadakhazikike bwinobwino, pa 16 Okutobala 1972, ndege yonyamula aphungu awiri, Hale Boggs ndi Nick Begich, idasowa pakati pa Anchorage ndi Juneau ku Alaska. Adaifunafuna masiku 39, ndipo mpaka lero sidapezeke. Kuyambira pamenepo otsutsa kawailesika adasowa chonena.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa chinthu chimodzi chomwe ambirife sitichiganizira tikakhala pansi m'ndege n'kumanga lamba. Malamulo a wailesi za m'ndege sagwa kumwamba ngati mvula. Amalembedwa ndi anthu, amatsutsidwa ndi anthu, ndipo amapendekera kumene kukuchokera mawu. Amene walemba kalata ndi amene amamveka.

Kabokosi ka kumchira

Kawailesi kamene tikunenaka oyendetsa ndege amakatchula kuti ELT. Ndi kabokosi kachikasu kapena kofiirira, kosaposa njerwa kukula kwake, komwe kawirikawiri kamamangiriridwa chakumchira kwa ndege, kumene sikuphwanyika kwambiri pangozi. Kali ndi batire lakelake, sikadalira magetsi a ndege. M'kati mwake muli switchi yomwe imadziyatsa yokha ndege ikamenyetseka mwamphamvu. Ndiye kuti ngakhale onse m'ndegemo atakomoka, kabokosika kamayamba kuitana.

Timabokosi toyambirira tinkalira pa 121.5 MHz, tchanelo ya ngozi yomwe ndege zazikulu ndi nsanja za pa mabwalo a ndege zimatchera khutu. Kulira kwake kumamveka ngati sairini. Koma kuti kamveke pankafunika kuti ndege ina idutse pafupi. Choncho maiko anayi, Canada, France, America ndi Soviet Union, adagwirizana zomvetsera kulirako kuchokera m'mlengalenga pogwiritsa ntchito masetilaiti, ngakhale kuti nthawi imeneyo America ndi Soviet Union sankamwerana madzi. Ntchitoyi, yotchedwa Cospas-Sarsat, idapulumutsa anthu ake oyamba mu Sepitembala 1982: amuna atatu omwe ndege yawo idagwa m'mapiri a British Columbia ku Canada. Kuchokera nthawi imeneyo yathandiza kupulumutsa anthu oposa 50,000 pamtunda ndi panyanja.

Komabe 121.5 MHz idali ndi mavuto ake. Mawu ake ngofooka, ndipo satchula mwini. Setilaiti inkangoloza dera la makilomita pafupifupi 20, osadziwa kuti ikulira ndi ndege iti. Kulira kochuluka kudali kwabodza: ndege yatera mwamphamvu, makaniko wagunda switchi, kapena chipangizo china chamagetsi chikutulutsa mafunde osokera. Mu 2004 opulumutsa anthu adatsata kulira kotere mpaka kufika pakhomo la nyumba ina ku Corvallis, m'chigawo cha Oregon, n'kupeza kuti ikulira ndi TV.

Timabokosi tatsopano timalira pa 406 MHz. Pakatha masekondi pafupifupi 50 aliwonse timatumiza uthenga wamphamvu wokhala ndi nambala ya ndegeyo, moti opulumutsa amatha kuimbira foni mwini wake n'kufunsa ngati kulidi ngozi. Dera lofunamo limachepa kufika makilomita osaposa 5, ndipo kabokosi kakakhala kolumikizidwa ku GPS, limafika mamita pafupifupi 100. Poona kusiyana kumeneku, a Cospas-Sarsat adachenjeza dziko lonse kudakali zaka zambiri, kenako pa 1 Febuluwale 2009 masetilaiti adaleka kumvetsera 121.5 MHz ndi 243 MHz. Kuyambira tsiku limenelo, kabokosi kakale kakalira, kamangomveka kwa ndege yodutsa pafupi, monga zidalili kale.

Khomo lomwe lamulo lidatsegulira aliyense

Ku America kuli lamulo la 1946, lotchedwa Administrative Procedure Act, lomwe limapatsa munthu aliyense wokhudzidwa ufulu wopempha nthambi ya boma kuti ikhazikitse lamulo latsopano, isinthe lomwe lilipo kapena ilichotse. Pa nkhani ya wailesi za m'ndege makomo ogogoda ndi awiri. FAA imayang'anira chitetezo cha ndege ndi zipangizo zoyenera kukhalamo. FCC imayang'anira mafunde a wailesi: ndani aulutse, pa tchanelo iti, ndi chipangizo chotani.

Pempho lotere si mndandanda wa maina ndi masiginecha okha ayi. Wopemphayo amatchula lamulo lomwe akufuna kuti lisinthe, amalemba mawu omwe akufuna kuti alowe m'malo mwake, amafotokoza mmene kusinthako kupindulire anthu onse, ndipo amaika umboni. Kalatayo imaikidwa poyera pa intaneti, pomwe aliyense angathe kuiwerenga ndi kuyankhapo. A FAA amaiyeza ndi miyeso itatu: kodi vutolo n'lachangu bwanji, kodi likuposa mavuto ena omwe ali kale patebulo, ndipo kodi antchito ndi ndalama zoligwirira zilipo? Mapempho ambiri amakanidwa pamenepa. Koma nthambi ya boma ikakana imayenera kunena chifukwa, ndipo ikafuna kukhazikitsa lamulo imayenera kulilengeza kaye m'gazeti ya boma, Federal Register, kupereka nthawi yoti anthu anenepo maganizo, ndi kuyankha mfundo zikuluzikulu zomwe zaperekedwa. Ikapanda kutero, khothi likhoza kulithetsa lamulolo.

Khomo n'lotsegukira aliyense, koma si onse amene amalowapo. Olowa kawirikawiri ndi mabungwe a eni ndege, makampani a ndege, opanga zipangizo ndi maloya awo. Wokwera ndege wamba, yemwe moyo wake ndiwo ukukambidwa, nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti mlandu wake uli pabwalo.

Zaka 8 za kukokana

Mu Juni 2010 a FCC adalengeza kuti aletsa kuvomereza, kupanga, kuitanitsa kunja, kugulitsa ndiponso kugwiritsa ntchito timabokosi ta 121.5 MHz tokha. Kwa iwo nkhani idali yosavuta: setilaiti idaleka kumvetsera, ndiye kabokosika katsala ndi ntchito yanji?

Eni ndege zing'onozing'ono adadzuka ngati njuchi zoputidwa. Bungwe lawo lalikulu la AOPA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1939, pamodzi ndi mabungwe ena a oyendetsa ndege ndi a okonza zipangizo, adalemba makalata odandaula. Mfundo zawo zidali zomveka. Ndege zing'onozing'ono ku America zimaposa 200,000, ndipo zambiri zidali ndi timabokosi takale. Kabokosi katsopano, kuphatikiza kukamangirira, kankadya madola oposa 1,000. M'masitolo mudalibe tokwanira onse nthawi imodzi, moti ndege zambirimbiri zikadangokhala pansi kapena kuuluka mophwanya lamulo. Adaonjezanso kuti ndege zazikulu zimamvetserabe 121.5 MHz, komanso kuti kukubwera njira zina zotsatira ndege zomwe mwina zidzaposa ELT. Nawo a FAA adapempha anzawo a FCC kuti ayambe adikira. Mu Januwale 2011 lamulolo lidaimitsidwa lisadayambe n'kugwira ntchito komwe.

Mbali inayo idali ya anthu omwe amapita kukafuna ndege zosowa. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB lidali litanena kale mu 2007 kuti ndege zonse zoyenera kukhala ndi ELT zikakamizidwe kuika ya 406 MHz. Asilikali a m'mlengalenga ndi a panyanja, omwe amatuma anthu awo m'mapiri ndi m'mafunde usiku, ankadziwa kusiyana kwa kufuna m'dera la makilomita 20 ndi kufuna m'dera la mamita 100. Ola lililonse lotayika ndi magazi otayika kwa wovulala, komanso ndi chiopsezo kwa womufunayo.

Kunena zoona, kabokosi katsopano nakonso si mankhwala a zonse. Pa 9 Ogasiti 2010 ndege yonyamula Ted Stevens, yemwe adakhala senator wa Alaska zaka 40, idawomba phiri. Anthu asanu adafa, anayi adapulumuka. Ndegeyo idali ndi ELT ya 406 MHz, koma pangoziyo kabokosiko kadasolotoka pa lamba womata yemwe adakamangira, n'kuduka ku eriyo yake. Kadalira ndithu, koma mawu ake sadafike kusetilaiti, ndipo ovulalawo adakhala maola ambiri m'mvula. Zitatero, a FAA adaleka kuvomereza lamba wotero pa timabokosi topangidwa mwatsopano. Chitetezo cha ndege chimafika mpaka pa kalamba kotero.

A FCC adaibweretsanso nkhaniyi mu 2013, makalata adayendanso, ndipo chigamulo chidatuluka kumapeto kwa 2018. Kuyambira mu 2019 n'koletsedwa ku America kuvomereza, kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa timabokosi ta 121.5 MHz tokha, koma amene ali nako kale akhoza kupitiriza kukagwiritsa ntchito. Dziko loyandikana nalo la Canada lidasankha njira yolimba: mu 2020 lidalamula kuti ndege zisinthire ku 406 MHz, n'kupereka nthawi yokonzekera yosiyana kwa ndege zamalonda ndi za anthu wamba.

Eni ndege a ku America sadabe kanthu. Adagwiritsa ntchito ufulu wawo, ndipo zina zomwe adanena zidali zoona. Koma sikelo idalemera mbali ya amene ankawerenga madola, chifukwa iwo adali ndi mabungwe, maloya ndi mamembala zikwi mazanamazana olemba makalata. Amene adzasowe m'phiri chaka chamawa alibe bungwe, chifukwa sadzidziwa.

Mawu awiri akagundana

Vuto lina la wailesi za m'ndege n'lakale kuposa pamenepa, ndipo silidathebe. Oyendetsa ndege ndi owalondolera pansi amalankhulana pa mafunde a pakati pa 118 ndi 137 MHz. Ndege zonse za m'dera limodzi zimagawana tchanelo imodzi, ngati anthu okhala pabwalo la mfumu: wina akamalankhula, ena amamvera. Wofuna kulankhula amadina batani, ndipo akadina, wailesi yake imaleka kumva. Awiri akadina nthawi imodzi, wachitatu amangomva kulira kwa tswiii, kapena mawu osokonekera. Odinawo sadziwa kuti mawu awo sadafike.

Pa 27 Malichi 1977, bomba litaphulika pa bwalo la ndege la Gran Canaria, ndege zambiri zidapatutsidwira ku kabwalo ka Los Rodeos pa chilumba cha Tenerife. Madzulo ake kudagwa chifunga chambiri. Ndege ya KLM, mtundu wa Boeing 747, idayamba kuthamanga kuti inyamuke, woyendetsa akuganiza kuti waloledwa. Wapansanja adamuuza kuti adikire. Pa sekondi yomweyo, oyendetsa Boeing 747 ina ya Pan Am adadina batani kunena kuti iwo akadali pamsewu womwewo. Mauthenga awiriwo, uliwonse wokwanira kuimitsa ngoziyo, adagundana m'mlengalenga, ndipo m'ndege ya KLM mudamveka kulira kokhakokha. Anthu 583 adafa. Mpaka lero palibe ngozi ya ndege yoposa imeneyi.

Ngoziyi idasintha kalankhulidwe ka pa wailesi dziko lonse. Liwu lotanthauza kunyamuka tsopano limatchulidwa pokhapokha popereka kapena pochotsa chilolezo chenichenicho, ndipo woyendetsa amabwereza zomwe wauzidwa kuti wapansanja atsimikize. Koma za chipangizo chenichenicho sizidasinthe kwenikweni. Akatswiri adapanga kachipangizo kotha kuletsa wailesi kuulutsa pamene wina akulankhula kale, ndi kena kodula batani lomwe lakanirira. Oyendetsa ndege ena akhala akupempha kuti zimenezi zikhale zokakamiza. A FAA adalemba miyezo yoti opanga zipangizo zotere azitsata, koma kachipangizo koletsa mawu kugundana sadakalamule m'ndege zonse.

Pa 29 Januwale 2025, patatha zaka pafupifupi 48, ndege ya anthu yomwe inkatera pa bwalo la Reagan National ku Washington idawombana ndi helikopita ya asilikali pamwamba pa mtsinje wa Potomac. Anthu onse 67 adafa. Zifukwa zake n'zambiri, koma chimodzi mwa zomwe a NTSB adapeza chimabaya mtima: pamene wapansanja ankauza helikopitayo kuti idutse kumbuyo kwa ndegeyo, batani la m'helikopita lidadinidwa kwa nthawi yosakwana sekondi imodzi, ndipo n'kutheka kuti mawu ofunikawo sadamveke. Mabanja a omwalirawo sadakhale pakhomo kulira kokha. Adapita kunyumba ya malamulo, adakhala m'misonkhano ya ofufuza atanyamula zithunzi za abale awo, n'kumapempha lamulo loti ndege zizikhala ndi chipangizo cha ADS-B choonetsa woyendetsa pamene ndege zinzake zili. Njira ya mahelikopita yomwe inkadutsana ndi ya ndege zotera pabwalopo idatsekedwa.

Foni ya m'manja ndi wailesi yoyeza kutalika

Si wailesi zonse za m'ndege zomwe n'zolankhulira. Pansi pa mimba ya ndege pali ina yomwe imaponya mafunde pansi n'kuwerenga nthawi yomwe abwerere, ndipo potero imadziwa kuti nthaka ili patali bwanji. Ndiyo imathandiza ndege kutera m'chifunga. Ikanama, zinthu zimaipa msanga: pa 25 Febuluwale 2009 ndege ya Turkish Airlines idagwa pafupi ndi Amsterdam chipangizochi chitapereka nambala yolakwika, ndipo anthu 9 adafa.

Wailesi imeneyi imagwira ntchito pakati pa 4.2 ndi 4.4 GHz. Kumayambiriro kwa 2021 a FCC adamaliza kugulitsa mafunde oyandikana nawo, a 3.7 mpaka 3.98 GHz, kwa makampani a mafoni kuti aziulutsirapo 5G, pa mtengo wa madola pafupifupi 81 biliyoni. Mabungwe a za ndege adali atapempha kale mu 2020 kuti chigamulochi chiunikidwenso, poopa kuti nsanja zamphamvu za mafoni zingasokoneze zipangizo zakale. Sadamvedwe. Kumapeto kwa Disembala 2021 bungwe la makampani a ndege la Airlines for America lidapereka pempho lachangu loti ntchitoyo iimitsidwe pafupi ndi mabwalo a ndege. Makampani a AT&T ndi Verizon adasuntha tsiku loyambira kawiri mpaka 19 Januwale 2022, ndipo ngakhale pamenepo makampani ena akunja, monga Emirates ndi Air India, adaimitsa maulendo ena opita ku America. Mapeto ake, a mafoni adavomera kuchepetsa mphamvu pafupi ndi mabwalo a ndege mpaka 1 Julayi 2023, kuti eni ndege apeze nthawi yosintha zipangizo zawo.

Apa pempho lidagwira ntchito, koma pa ola lomaliza, ndiponso chifukwa opemphawo adali njovu zolimbana ndi njovu zinzawo.

Chikangawa

Wina angafunse kuti za ku America zikutikhudza bwanji ife. Yankho lili m'nkhalango ya Chikangawa.

Lolemba pa 10 Juni 2024 m'mawa, ndege ya asilikali a dziko lino, mtundu wa Dornier 228, idanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Idanyamula Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8, paulendo wopita kumaliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Nyengo kumpoto idali yoipa, ndipo ndegeyo sidafike. Tsiku lonse lidatha, usiku udagwa, dziko lonse lili pa wailesi ndi pa foni. Ofunafuna adadalira nsanja za mafoni, zomwe zidangoloza dera la makilomita 10 kuzungulira, m'mapiri a mitengo ya paini momwe chifunga chimabisa munthu ali poteropo. Ndegeyo idapezeka tsiku lotsatira, pa 11 Juni, ku Nthungwa. Onse 9 adali atamwalira.

Akatswiri a bungwe lofufuza ngozi za ndege la ku Germany, BFU, omwe boma lidawaitana, adalemba mu lipoti lawo loyamba mu Ogasiti 2024 kuti ndegeyo idali ndi ELT. Idali ya mtundu wakale uja, wa 121.5 ndi 243 MHz, womwe masetilaiti adaleka kuumvera mu 2009. Batire lake lidatha ntchito mu 2004, choncho kabokosiko sikadalire n'komwe. Ofufuzawo adauzidwa kuti zipangizo zosinthira padalibe, komanso padalibe ndalama zogulira katsopano ka 406 MHz. Adapezanso kuti ndegeyo idalibe makina ojambula mawu a oyendetsa ndi kayendedwe ka ndege, ndipo kukambirana kwa pa wailesi pakati pa oyendetsa ndi owalondolera ku Lilongwe sikudajambulidwe. Limodzi mwa malangizo awo lidali loti ndege za asilikali zonyamula anthu zizikhala ndi ELT yogwira ntchito.

Tisanamizane: malinga ndi ofufuza, ndegeyo idamenyetseka moti padalibe wopulumuka, ndipo kabokosi kakadalira sikakadabweza moyo wa aliyense. Koma kakadafupikitsa usiku uja. Kakadachotsa maola omwe mabanja adakhala osadziwa, maola omwe mphekesera zidamera mizu yomwe mpaka lero ikuvuta kuzula. Mawu a pa wailesi akadajambulidwa, mafunso ambiri omwe anthu akufunsabe akadayankhidwa ndi tepi. Ndipo tsiku lina idzagwa ndege yomwe mudzakhale opulumuka, monga mayi ndi mwana aja a ku California. Tsoka silinunkha.

Pali mpata wina m'malamulo womwe tiyenera kuudziwa. Miyezo ya bungwe la maiko onse loona za ndege, ICAO, imafuna ELT ya 406 MHz m'ndege za anthu wamba zoyenda pakati pa maiko. Koma pangano la ku Chicago la 1944, lomwe lidabala bungweli, silikhudza ndege za asilikali ndi za apolisi. Dziko lililonse limadziikira lokha malamulo a ndege zoterozo. Ndege ya ku Chikangawa ndi helikopita ya ku Washington zonse zidali za asilikali. Ngati nzika sizifunsa, palibe wakunja amene adzatifunsire.

Kalata yomwe sitidalembe

Amalawi timadziwa kupereka kalata ya madandaulo. Tayendapo m'misewu mpaka ku ofesi ya DC ndi kuchipata cha Nyumba ya Malamulo pa nkhani za chisankho, kukwera mitengo kwa zinthu, mafuta ndi malipiro. Ngozi ya ku Chikangawa itachitika, mabanja, mipingo ndi mabungwe adapempha kuti pakhale kafukufuku, ndipo mu Okutobala 2024 komishoni idakhazikitsidwa, motsogozedwa ndi Justice Jabbar Alide. Mawu a anthu adagwira ntchito. Koma mafunso athu ambiri adali oti adalakwa ndani. Funso loti lamulo liti lisinthe kuti zisadzachitikenso lidamveka motsitsa.

Apa ndi pamene tingatolepo nzeru kwa eni ndege a ku America, ngakhale kwa iwo omwe sitikugwirizana nawo. Kalata yawo sikhala ya mkwiyo wokha. Imatchula chinthu chimodzi, imanena yemwe ali ndi mphamvu yochisintha, imaika umboni, imapempha yankho lolembedwa, ndipo eni ake amabweranso chaka chamawa ndi chaka chinacho. Nkhani ya 121.5 MHz idawatengera zaka 8, ndipo sadatope.

Ifenso makomo ogogoda tili nawo. Kuli bungwe la Civil Aviation Authority, lomwe lidabadwa ndi lamulo la 2017. Kuli MACRA, yomwe imagawa mafunde a wailesi. Kuli makomiti a Nyumba ya Malamulo oona za chitetezo ndi za mtengatenga, omwe amaunika bajeti. Kuli lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga kuboma, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Mafunso ake si ovuta, ndipo safuna digiri ya uinjiniya. Kodi ndege iliyonse yonyamula anthu m'dziko muno, ya boma kapena ya kampani, ili ndi ELT ya 406 MHz yolembetsedwa? Batire lake lidzatha liti, ndipo amaliyang'ana ndani? Kodi mawu a pa wailesi m'nsanja za Kamuzu, Chileka, Mzuzu ndi Karonga akujambulidwa ndi kusungidwa? Uthenga wa setilaiti ukafika pakati pa usiku, amaulandira ndani, ndipo amadzutsa yani? Malangizo a BFU adatsatidwa mpaka pati?

Ena adzati ndege n'za anthu olemera, ife a minibasi ndi kabaza sizikutikhudza. Koma m'ndege mumakwera odwala othamangitsidwa kuchipatala, madokotala, asilikali omwe ndi ana athu, ndiponso chakudya ndi mankhwala opita kwa anthu ozingidwa ndi madzi osefukira. Ndalama zofunira ndege yosowa zimachokera m'misonkho yathu. Ndipo chisoni cha pa 11 Juni sichidasankhe wokwera ndege ndi woyenda pansi. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lamulo la ELT lidabadwa chifukwa mayi ndi mwana wake adalemba m'mphepete mwa buku kwa masiku 54, ndipo anthu omwe adawerenga adakana kukhala chete. Ife lipoti tili nalo kale, lolembedwa momveka, lotchula chaka chomwe batire lidatha. Chatsala ndi atolankhani, mabungwe, mipingo, oyendetsa ndege athu ndi inu owerenga kulemba kalata yotchula zinthu zimenezi chimodzichimodzi, kuipereka kwa oyenera, ndi kubwerera kukafunsa yankho mpaka litaperekedwa. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Funsani phungu wanu ngati ndege zathu zili ndi kabokosi kamoyo, ndipo musaleke kufunsa mpaka atakuonetsani tsiku lolembedwa pa batire.